Kodi munthu tizimuyeza ndi tsiku lake loipa?

Amene adakwerapo minibasi yochoka ku Mzuzu kupita pa boma la Rumphi tsiku la mpira akudziwa kuti ulendowo sukhala wa chete. Galimoto isanafike n'komwe pa Bwengu nkhani imakhala itakolera kale, ena akulankhula Chitumbuka, ena Chichewa, aliyense ali ndi chigamulo chake m'thumba. Pofika pa Njakwa, makochi amakhala atachotsedwa ntchito, oyimbira atapezeka olakwa, ndipo osewera akale ataikidwa pa sikelo mmodzimmodzi. Nkhani zotere n'zokoma ndipo zimafupikitsa ulendo. Koma pali chinthu chimodzi chomwe takhala tikuchiona pa zokambirana zoterezi, chomwe tikufuna tilingalire limodzi lero. Pakatchulidwa dzina la womwetsa zigoli, anthu amakumbutsana zigoli zake zokongola. Pakatchulidwa dzina la goloboyi, amakumbutsana tsiku lomwe adalakwitsa.

Titenge chitsanzo cha Swadick Sanudi, yemwe adali pagolo la Flames pa mpikisano wa African Cup of Nations ku Angola m'chaka cha 2010. Ambiri a ife tikamva dzinali, maganizo amathamangira ku Cabinda, pa 18 Januwale chaka chimenecho, pamene Malawi inkasewera ndi Mali. Mphindi yoyamba isanathe, Sanudi adamenya mpira pofuna kuuchotsa kudera lake, koma mpirawo udapita kwa Frederic Kanoute, yemwe sadachedwe kuubweza muukonde ali chapatali. Ena adali asanakhazikike n'komwe pa mabenchi a nyumba zoonetsera kanema, ena adali akusakasakabe siteshoni pa wailesi, chigoli chitalowa kale. Mphindi ya chitatu Seydou Keita adaonjezera china pa firikiki. Russell Mwafulirwa adabweza chimodzi m'chigawo chachiwiri, koma Mamadou Bagayoko adatseka nkhani masewero ali pafupi kutha. Zidathera 3-1, ndipo Flames idabwerera kumudzi.

Chomwe chidapweteka kwambiri n'chakuti tsiku lomwelo Angola ndi Algeria adalepherana 0-0 ku Luanda. Malawi ikadangofanana mphamvu ndi Mali, ikadapitirira kundime yotsatira, chifukwa ikadalingana mapointi ndi Algeria yomwe idali itaigonjetsa kale. Choncho ululu wa ochemerera udali womveka, ndipo ife sitikufuna kuupeputsa. Kulakwitsa kudalipo, ndipo kudatidula chiyembekezo chomwe tidachidikira zaka 26, kuchokera pomwe tidakaonekera koyamba ku mpikisanowu ku Ivory Coast mu 1984.

Koma tsopano tibwerere m'mbuyo sabata imodzi yokha. Pa 11 Januwale 2010, ku Luanda, Malawi idathambitsa Algeria 3-0. Zigoli adamwetsa ndi Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Kumeneku kudali kupambana koyamba kwa dziko lathu pa ndime yomaliza ya chikhochi, ndipo kudabweza ndendende zigoli zitatu zomwe Algeria yomweyo idatimwetsa mu 1984. Algeria imeneyi sidali timu wamba: idali itadzigulira kale malo ku World Cup ya ku South Africa, ndipo ku Angola komweko idakafika m'ndime ya semifainolo. Tsiku limenelo usiku anthu adavina kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Chiweta nkhani idali yomweyo. Nanga pagolo padali ndani? Adali Sanudi yemweyo, ndipo ukonde wake sudagwedezeke kwa mphindi zonse 90. Tikamakumbukira 3-0, timatchula eni ake a zigoli zitatuzo, koma ziro uja timamuona ngati adangogwa yekha kuchokera kumwamba.

Munthu yemweyu adalinso m'gulu la Bakili Bullets lomwe mu 2004, pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri, lidatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa ndi kufika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Adasewerako mpira wolipidwa ku South Africa, adatumikira Flames kwa zaka zambiri, ndipo atavula magolovesi adakhalaponso mphunzitsi wa magoloboyi ku timu ya dziko. Zonsezi zili mbali imodzi ya sikelo. Mbali inayo kuli masekondi ochepa a ku Cabinda. Funso lathu n'lakuti: n'chifukwa chiyani m'mitima yathu masekondi ochepawo amalemera kuposa zaka zonsezo?

Gawo lina la yankho lili mu ntchito yeniyeniyo. Golo ndi lotambalala mamita 7.32 ndipo ndi lalitali mamita 2.44, koma woliyang'anira ndi munthu mmodzi wa manja awiri. Penate imamenyedwa pa mtunda wa mamita 11 okha, moti goloboyi kawirikawiri amayenera kusankha mbali yodumphira mpira usanachoke n'komwe paphazi la womenyayo. Kuyambira mu 1992 malamulo adamuletsa kugwira ndi manja mpira womwe mnzake wamubwezera dala ndi phazi, choncho nthawi zambiri amayenera kuumenya mofulumira adani akumuthamangira. Wosewera wapakati akataya mpira, kumbuyo kwake kuli anzake oti akonze. Wotchinga kumbuyo akaphonya, kumbuyo kwake kuli goloboyi. Koma kumbuyo kwa goloboyi kuli ukonde basi. Womwetsa zigoli atha kuphonya kasanu, n'kugoletsa kamodzi, n'kutuluka m'bwalo atanyamulidwa pamapewa. Goloboyi atha kupulumutsa kasanu, n'kulakwitsa kamodzi, n'kutuluka atazyolika. Zabwino zake zimaoneka ngati udindo wamba, pamene cholakwa chake chimalembedwa pa bolodi kuti dziko lonse liwerenge.

Gawo lina la yankho lili mwa ife ochemerera. Timu ikagonja, mtima umafuna munthu mmodzi womuloza chala, chifukwa n'kosavuta kukwiyira munthu kusiyana ndi kufufuza zifukwa zambirimbiri. Komatu mpira umaseweredwa ndi anthu 11, ndipo akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Pamasewero a ku Cabinda aja, chigoli choyamba chitalowa padatsala mphindi 89 zathunthu. Mipata yobwezera idalipo. Komanso masiku anayi m'mbuyo mwake tidali titagonja kale 2-0 ndi eni bwalo a Angola. Ndipo amene adatimwetsawo sadali ana: Kanoute adali wosewera wa Sevilla yemwe adasankhidwa kukhala katswiri wa mu Africa wa chaka cha 2007, pomwe Keita ankasewera ku Barcelona. Mipira yambiri yomenyedwa molakwika ndi magoloboyi imathera pachabe chifukwa woilandirayo alibe luso. Tsiku limenelo udagwera paphazi lolakwika.

Tiyeni tionenso nkhaniyi kuchokera tsidya linalo. Tsiku lomwe ife tinkavina chifukwa cha 3-0, ku Algeria kudali goloboyi wina yemwe ankanyozedwa. Dzina lake ndi Faouzi Chaouchi, ndipo chigoli chathu choyamba chidabwera chifukwa cha kusamvana kwa iye ndi wotchinga kumbuyo wake. Ife tidaseka, n'kumati ndi luso la anyamata athu. Komatu miyezi iwiri yokha m'mbuyo mwake, pa 18 Novembala 2009, Chaouchi yemweyu adali ngwazi ya dziko lake atatseka golo ku Omdurman m'dziko la Sudan, pamene Algeria idagonjetsa Egypt 1-0 ndi kupita ku World Cup. Atafika ku World Cup-ko, pa 13 Juni 2010 ku Polokwane, mpira wa Robert Koren wa ku Slovenia udamupulumuka m'manja, ndipo masewero otsatira adaikidwa pabenchi. M'miyezi isanu ndi iwiri yokha, munthu mmodzi adatchedwa mpulumutsi kenaka n'kutchedwa wogwetsa dziko. Chimwemwe chathu cha ku Luanda chidali ndi misozi ya goloboyi wina mkati mwake, ndipo patangotha sabata misoziyo idasamukira kwathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuti tione komwe khalidweli lingafike, tikumbuke za Moacir Barbosa wa ku Brazil. Pa 16 Julaye 1950, pa bwalo la Maracanã mumzinda wa Rio de Janeiro, pamaso pa anthu oposa 170,000, Brazil inkangofunika kufanana mphamvu ndi Uruguay kuti itenge World Cup. Idayamba kugoletsa ndi Brazil, Uruguay n'kubweza, ndipo kutatsala mphindi 11 Alcides Ghiggia adalowetsa mpira pakati pa Barbosa ndi mtengo wa golo womwe adali nawo pafupi. Barbosa adali mmodzi mwa magoloboyi apamwamba a nthawi yake. Adapambana zikho zambiri ndi timu ya Vasco da Gama, ndipo chaka chimodzi m'mbuyo mwake adathandiza Brazil kutenga chikho cha maiko a ku South America. Zonsezo zidafufutika madzulo amodzi. Mu 1993, patatha zaka 43, adafuna kukacheza ndi osewera a timu ya dziko lake komwe ankakonzekera masewero, koma adamubweza poopa kuti awapatsa tsoka. Mkuluyu ankadandaula kuti m'dziko lake chilango chachikulu cha kundende ndi zaka 30, koma iye adapitirira pamenepo pa mlandu womwe sadapalamule. Adamwalira m'chaka cha 2000 ali ndi zaka 79. Lero anthu ambiri a ku Brazil amavomereza kuti adamulakwira, koma mwini wake sangamvenso kupepesako.

Pali nkhani inanso yomwe idatha mosiyana. Lev Yashin wa ku Soviet Union adabwerera kwawo kuchokera ku World Cup ya 1962 ku Chile anthu akumunena kuti watha ntchito, timu yake itatulutsidwa ndi eni bwalo m'ndime ya makotafainolo. Ochemerera ankamukuwiza m'mabwalo a kwawo komwe. Akuluakulu a timu yake ya Dynamo Moscow sadamutaye. Chaka chotsatira, mu 1963, adalandira mphoto ya Ballon d'Or, ndipo kufikira lero ndi goloboyi yekhayo yemwe adailandirapo. Anthu aja akadapatsidwa mphamvu zogamula mu 1962, dziko likadataya goloboyi yemwe ambiri amamutcha woposa onse. Kusiyana kwa Barbosa ndi Yashin sikudali pa luso lokha. Wina adapeza anthu omupatsa mpata wina, mnzake adapeza anthu osunga mangawa.

Tisaiwalenso kuti woonerera saona zonse. Mu Meyi 2018, Loris Karius wa Liverpool adalakwitsa kawiri pa masewero omaliza a Champions League ku Kyiv, Real Madrid n'kupambana 3-1. Dziko lonse lidamuseka, ena mpaka kumuopseza. Patapita masiku, madokotala a ku Boston ku America adamupima ndi kupeza kuti adali atavulala m'mutu mkati mwa masewerowo. Amene adathamangira kugamula adagamula asanamve mbali yonse. Ife tikakhala pa benchi kapena pafupi ndi wailesi sitidziwa ngati munthu wagona ndi malungo, ngati wasiya mwana wodwala kunyumba, kapena ngati dzuwa lamuthobwa m'maso pa sekondi yomweyo. Timangoona mpira uli muukonde.

Wina atha kufunsa kuti, kodi ndiye kuti tisamadzudzule? Ayi, sitikutero. Mpira wopanda kudzudzula sungakule, ndipo wosewera wovala yunifolomu ya dziko ayenera kuyankhapo pa ntchito yake. Kunena kuti mpira wa ku Cabinda udamenyedwa molakwika ndi kunena zoona. Mphunzitsi ali ndi ufulu woika goloboyi pabenchi, ndipo mtolankhani ali ndi udindo wolemba zomwe zachitika. Chomwe tikukana ndi sikelo yachinyengo, yomwe imaika cholakwa chimodzi mbali ino n'kuchotsa zabwino zonse mbali inayo. Wogula fodya kapena chimanga akabwera ndi sikelo yotere ku Hewe kapena ku Katowo, mudzi wonse umadzuka n'kumuthamangitsa, chifukwa aliyense amadziwa kuti akuba thukuta la mlimi. Nanga bwanji ifeyo timayeza mbiri ya mnzathu ndi sikelo yomwe sitingalole kuti ayezere thumba lathu? Mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola umanena za nsomba za mudengu. Masiku a moyo wa munthu saola motero. Tsiku la ku Luanda lidakali labwino ngakhale kuti la ku Cabinda lidaipa.

Nkhaniyi sikuthera pa osewera otchuka okha. Imafika mpaka pa mabwalo athu afumbi, pomwe magolo ndi mitengo ya bulugamu ndipo goloboyi amadumphira pa nthaka youma wopanda magolovesi. Boma la Rumphi lidalawako ligi yaikulu mu 2022 pomwe Rumphi United idasewera mu Super League, ngakhale idatuluka chaka chomwecho, ndipo anthu a kuno akudziwa kukoma ndi kuwawa kwa mpira. Koma taonani zomwe zimachitika pa mabonanza a m'midzi. Mnyamata wa zaka 16 akalola chigoli chophweka, mawu oyamba kumveka ndi akuti wagulidwa. Palibe wofunsa umboni. Ena amati wadya za anthu, ena amati adamuchita mankhwala, ndipo pofika madzulo nkhani yafika kwa makolo ake. Mawa lake kusukulu kapena kumsika amamuitana ndi dzina la chigolicho. Mawu akuti wagulidwa ndi olemera kwambiri, chifukwa amachotsa nkhani pa kulakwitsa n'kuiika pa khalidwe. Akunena kuti mwanayo ndi wakuba komanso wachinyengo. Woyankhulayo amaiwala pofika Lolemba, koma wonenedwayo amasenza mawuwo zaka zambiri.

Zotsatira zake timaziona tokha. Ana akamagawana malo pa mpira wachikulunga, aliyense amafuna kutsogolo. Pagolo amakankhirapo wamng'ono, wonenepa kapena wobwera mochedwa. Mwana amaphunzira msanga kuti kutsogolo kuli ulemu ndipo pagolo pali matemberero. Kenaka ife omwewo timadabwa kuti magoloboyi abwino akusowa. Dziko lino lidakhalapo ndi alonda a pagolo odziwika monga Boniface Maganga, Clement Mkwalula, John Dzimbiri ndi Donnex Gondwe, m'zaka zomwe Malawi idatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, komanso mendulo ya buronzi pa All Africa Games ku Nairobi mu 1987. Achinyamata ambiri lero amadziwa dzina la Kinnah Phiri ndi la Ernest Mtawali, ndipo n'koyenera kutero, koma ndi angati angatchule yemwe adaima pagolo masiku amenewo? Tikapanda kumukumbukira goloboyi chifukwa cha cholakwa, ndiye kuti sitimukumbukira n'komwe.

Mu Januwale 2022, ku Cameroon, tidaona mbali yokoma ya nkhaniyi. Charles Thom, mnyamata yemwe ambiri kunja kuno sankamudziwa, adaima pagolo pamene Malawi idalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu yomwe idakatenga chikhocho. Adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa masewerowo, ndipo Flames idafika m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yake. Pokumana ndi Morocco tidagonja 2-1, koma iye adapulumutsa mipira yambiri yomwe ikadatichititsa manyazi. Lero tikamakamba za tsikulo timayamba ndi chigoli chapatali cha Gabadinho Mhango, ndipo n'chokomadi kuchikumbukira. Koma tidzifunse moona mtima: Thom akadaterereka kamodzi kokha usiku umenewo, kodi bwenzi tikukumbukira za Senegal? Kapena bwenzi dzina lake litamangiriridwa ku cholakwacho monga tidachitira ndi ena?

Abale ndi alongo, pagolo sipaima osewera mpira okha. M'mudzi uliwonse muli anthu omwe ntchito yawo imaoneka pokhapokha yalakwika. Namwino wa pachipatala chaching'ono amathandiza amayi mazanamazana kubereka bwino popanda womuthokoza, koma tsiku limodzi zikavuta dzina lake limamveka dera lonse. Mphunzitsi amaphunzitsa zaka 30, koma amakumbukiridwa ndi chaka chomwe ana adalephera mayeso. Msungichuma wa gulu amasunga ndalama mokhulupirika zaka khumi, koma tsiku lomwe masamu asokonekera amatchedwa wakuba asanafotokoze. Dalaivala amatsika ndi kukwera mapiri a Chiweta kambirimbiri anthu n'kufika bwino, osamva zikomo. Mayi amaphika chaka chonse, koma pakhomo pamakambidwa za tsiku lomwe ndiwo zidapserera. Onsewa ndi magoloboyi. Ndipo tikayang'ana bwino, aliyense wa ife ali ndi golo lake lomwe akulondera, komanso ali ndi Cabinda wake, tsiku lomwe sangakonde kuti likhale mutu wa mbiri yake.

Choncho pempho lathu ndi losavuta. Tikamakamba za munthu yemwe adatumikirapo, tiyambe tawerenga zonse, zabwino ndi zoipa, kenaka tigamule. Tikadzudzula, tidzudzule chochitikacho, tisaphe munthuyo. Mawu akuti wagulidwa tisawatulutse pakamwa ngati tilibe umboni woti tingaimirire nawo pabwalo la mfumu. Akuluakulu oyendetsa mpira m'maboma ndi m'madera aziteteza ana oima pagolo, ndipo popereka mphoto pa mabonanza azikumbukiranso goloboyi. Makolo ndi aphunzitsi, mwana akalola chigoli, mawu oyamba akhale omudzutsa, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo amene adatitumikira kale tiwathokoze akadali moyo, makutu awo akumva. Anthu a ku Brazil adachedwa ndi Barbosa. Ife mwayi tikadali nawo.

Ulendo wina mukadzakwera minibasi ija, nkhani ya mpira itakolera, wina n'kutchula za mphindi yoyamba ya ku Cabinda, musadzamutsutse, chifukwa zidachitikadi. Mudzangomufunsa modekha kuti: nanga pa 11 Januwale, tsiku lomwe tonse tidavina, pagolo padali ndani?